Ifenso tili ndi mano osekera

Amayi anzanga a ku Joni kuno, ndi inu abale kumudzi amene mumawerenga zolemba zanga mwakachetechete kenako n'kukazikamba pa mjigo, lero ndilemba motalika ndipo ena mukwiya. Kwiyani ndithu, koma muwerenge mpaka kumapeto.

Nkhani ndi iyi. Kanyumba ka zisudzo ka m'dera lathu lino, Masque Theatre, kamene kali mumsewu wa Main Road ku Muizenberg, katulutsa ndandanda ya zochitika za masabata akubwerawa. Muli oimba ndi zida zawo pa siteji, muli madzulo a anthabwala, mulinso sewero la anthu a m'dera lomwe lino, amene masana amagwira ntchito zawo ngati ife, madzulo n'kumakakonzekera sewero popanda wowalipira. Ine ndikupitako, ndipo sindikufuna kupita ndekha. Ndikufuna tipite ife okolopa, ife ochapa, ife olera ana a eni. Choncho ndiyankhiretu onse amene ayamba kale kupukusa mitu, poti mawu awo ndikuwadziwa. Ndawamva kwa zaka 11 zimene ndakhala m'makhitchini a Cape Town.

Ndiyambe ndi inu abale kumudzi. Mwezi wathawu mnzathu wina wa ku Capricorn, dzina sinditchula, anapita kukaonera anthabwala masana a Loweruka. Anajambulitsa pakhomo la holo atavala diresi lake labwino, n'kuika chithunzicho pa WhatsApp. Ola silinathe, achimwene ake alemba kale pa gulu la kubanja kuti: "Zoonera zisudzo zilipo, koma za feteleza akuti tidikire kumapeto kwa mwezi." Ena onse anangoti zii, palibe anamuikira kumbuyo. Mayi ameneyu ndi amene anakhoma malata pa nyumba ya amayi awo. Ndi amene akulipirira ana atatu ku sekondale, mmodzi yekha ndiye wake. Anachotsa chithunzicho, n'kupepesa. Kupepesa chiyani abale? Analakwira ndani?

Tiyeni tiwerengere limodzi, poti inu mumakonda kutiwerengera. Malipiro otsikitsitsa amene lamulo la kuno limalola anafika pa R28.79 pa ola mu Marichi 2025, ndipo kuyambira 2022 ife antchito a m'nyumba anatiika pa mlingo umodzi ndi antchito ena onse. Tinene kuti tikiti ili pa R150. Amenewo ndi maola 5 ndi mphindi zochepa za kugwada pa matailosi a eni. Munthu wogwira maola 45 pa sabata amagwira maola pafupifupi 195 pa mwezi. Pa maola 195 amenewo, renti yadya ake, thiransipoti yadya ake, Mukuru watenga ake kupita nawo kwa inu. Ine ndikunena za maola 5 okha basi, kamodzi pa miyezi iwiri kapena itatu. Ngati nyumba yanu ingagwe chifukwa cha maola 5 amenewo, ndiye kuti vuto silili pa tikiti. Vuto ndi loti denga lonse mwasenzetsa mutu umodzi.

Musandimve molakwa. Ndikudziwa kuti kumudzi zinthu zathina. Kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba la feteleza, shuga, mafuta ophikira, zonse zinathawa. Ife timamva kuwawa kumeneko, n'chifukwa chake sitigona. Sindikuuza mayi aliyense kuti asiye mwana abwezedwe kusukulu iye ali ku zisudzo, ndipo palibe mwa ife angachite zimenezo. Koma ali dere n'kulinga utayenda naye. Inu mumaona uthenga wa ndalama ukulowa pafoni. Simuona mayi akudzuka 4 koloko m'mawa mu Julaye, mvula ya Cape ikulowa m'mafupa, kukaima pa mzere wa takisi. Simuona manja osupuka ndi Jik. Simuona kachipinda ka kuseri kwa galaja kumene munthu amatha sabata yathunthu osalankhula Chichewa ndi wina aliyense kupatula pafoni, ndipo pafonipo nkhani yake ndi ya ndalama. Ng'ombe ya pangolo imene, dzuwa likapendeka amaimasula goli kuti ikadye msipu. Ife goli lathu amamasula ndani?

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi choti muyezo umenewu ndi wa amayi okha. Agogo athu aamuna ankapita ku Wenela ndi ku Theba. Ankabwera ndi chiyani? Njinga ndi zofunda, inde, koma ankabweranso ndi wailesi, galamafoni, gitala ndi chipewa chopendeka. Mudzi wonse unkasonkhana kudzamvera mbale za nyimbo, ndipo palibe ankati bamboyu wawononga ndalama. Nyimbo za kwela zimene Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anatchuka nazo mpaka ku Ulaya, gwero lake ndi misewu ya ku Joni konkuno. Lero lino azibambo athu kuno Loweruka lililonse ali pa mpira, ali pa kubetcha, ali pa kabotolo. Amati akuchotsa kutopa. Chabwino, achotse. Nanga kutopa kwa mayi kumachoka ndi chiyani? Ndi kuchapa zovala za bambo yemweyo Lamulungu masana, eti?

Tsopano ndibwere kwa inu amayi anzanga, poti mkondo wina umachokera pakati pathu pomwe. Wina akangoti ndikupita ku zisudzo, mumayamba: "Aaa, ayamba chizungu." "Akudzimva ngati madamu awo." Koma abale, zisudzo zinayamba liti kukhala za azungu? Ife si amene tinakula tikuunjikana pa wailesi imodzi kumvera Sewero la Sabata Ino pa MBC? Si ife tinkaseka mpaka kugwira nthiti ndi Izeki ndi Jakobo? Anthu ankadzaza French Cultural Centre ku Blantyre Lamulungu masana kukaonera Kwathu Drama Group ndi Wakhumbata ya Du Chisiza. Du atamwalira mu 1999, amene ananyamula gululo anali mayi, Gertrude Kamkwatira, ndipo pambuyo pake anayambitsa lake la Wanna-Do. John Nyanga atatisiya mu 2016 ndi Eric Mabedi mu 2021, dziko lonse linalira ngati maliro a pakhomo. Manganya uja tinkamuseka pa Tikuferanji, mu Juni 2024 analumbira kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Daliso Chaponda anafika pa nambala 3 pa Britain's Got Talent mu 2017, tonse tinagawana mavidiyo ake monyadira kuti mwana wakwathu uyu. Ndipo tisanafike n'komwe ku maholo, kumudzi mwezi ukawala amayi ankasiya mbale n'kupita ku chimtali ndi chiwoda. Anali osauka kuposa ife, koma bwalo sankalisiya. Ndiye lero tawoloka Limpopo tayiwala kuti ndife anthu a pabwalo?

Za kanyumba ka ku Muizenberg kaja ndikuuzeniko pang'ono, kuti muchotse mantha oti si malo athu. Kanatsegulidwa mu 1959 ndi loya wina dzina lake Bertie Stern, nthawi imene ngakhale mchenga wa pagombe la Muizenberg unali wa azungu okha, ndipo iye ankafuna kuti anthu a mitundu yonse azilowamo. Kanapsa ndi moto mu 1997, anthu a m'deralo n'kusonkherana, kanatsegulidwanso mu 1999. Mipando yake siifika 200. Si malo a anthu a mataye ayi. Amene amakulandira pakhomo ndi wongodzipereka, mwina ndi agogo opuma pantchito. Palibe amakufunsa pasipoti, palibe amakufunsa kuti umagwira ntchito yanji. Tikiti yako ndi ya madamu ndi chimodzimodzi, mpando ndi womwewo. Magetsi akazima muholomo, mdima umatiphimba tonse mofanana, ndipo kwa maola awiri pali anthu amene akutuluka thukuta kuti iwe usangalale. Taganizani amayi: munthu wina akugwira ntchito, iwe utakhala pansi. Zinakuchitikirani liti komaliza?

Ndipo musaganize kuti siteji ya dziko lino ndi yachilendo kwa wantchito wa m'nyumba. Miriam Makeba, amene dziko lonse linamutcha Mama Africa, mayi ake anali wantchito wa m'nyumba za azungu, ndipo iye mwini ali mtsikana analerako ana a eni. Gcina Mhlophe atafika ku Johannesburg anagwirako ntchito ya m'nyumba, ndipo mu 1986 sewero lake la Have You Seen Zandile? linali pa Market Theatre. Amayi amenewa anatuluka pa khomo la kuseri lomwe ife timatulukira. Iwo anakwera pa siteji. Ife tikuchita manyazi ngakhale kukhala pa mpando woonerera?

Ena mukuti: "Chizungu chake n'chothamanga, sitimva." Amayi, tisanamizane. Madamu akamalankhula akuthamangira ku galimoto, makiyi ali m'manja, kuti malaya awa asitidwe mozizira, nyama itulutsidwe mufiriji 3 koloko, mwana amwe mankhwala theka la supuni, galu asatuluke pageti, mumamva zonse osaphonya n'chimodzi chomwe. Ambiri a ife Chixhosa cha m'takisi tikuchimva, Chishona cha anzathu tikutolako, mawu a Afrikaans tikudziwa angapo. Makutu omvera malamulo ndi omwewo omvera nthabwala. Zina zikupitirira, inde, makamaka wanthabwala akasakaniza Afrikaans ya ku Cape Flats. Zipite. Zotsalazo zikukwanira. Anthabwala a kuno amaseka kuzima kwa magetsi, madalaivala a takisi, apongozi, mabwana ouma manja. Ndi ziti mwa zimenezi zimene simukuzidziwa? Ndipo gitala ndi ng'oma sizifuna womasulira.

Palinso aja amati mayi woyenda madzulo ndi woyendayenda, ndi ena a kumpingo amene amati zonsezi ndi za dziko. Ine ndimapemphera, chakhumi ndimapereka, yunifolomu ya chigwirizano cha amayi ndili nayo. Koma ndifunse: pa Khirisimasi m'tchalitchi mwathu momwemo ana akavala matawulo kumutu kukhala abusa a nkhosa, chimenecho n'chiyani ngati si sewero? Mlaliki akaponya nthabwala pagome mpingo wonse n'kugwa ndi phwete, tchimo limakhala pati? Ndipo kunena zoona, mwa malo onse achisangalalo amene alipo kuno, holo ya zisudzo ndi imene mayi angakhalemo mtima uli m'malo. Oimba akwathu akabwera ku Joni, nthawi zambiri amawatengera ku malo omwera mowa. Pa chikalata alemba 8 koloko, woimba akukwera pa siteji pakati pa usiku, anthu aledzera kale, wina akukukoka mkono, wina wakutayira mowa pa chitenje. Mayi amene mawa lake akudzuka m'bandakucha sangapiteko, ndipo akapita amabwerako ndi dzina. Ku holo ya zisudzo nthawi ndi nthawi. Akati 2 koloko, 2 koloko chitseko chatsekedwa. Uli ndi mpando wako wa nambala. Ukhoza kupita ndi mwana wako wamkazi. Ngati mukufunadi kuteteza ulemu wa amayi, malo ngati amenewa ndiye muziwalimbikitsa, osati kuwatsekera m'zipinda kuti azilira ndi TikTok.

Chodandaula chimodzi chokha ndi chimene ndimachilemekeza, ndicho mantha. Amenewa ndi enieni. Tikukumbuka Meyi 2008 pamene anthu 62 anaphedwa. Tikukumbuka Epulo 2015 pamene boma lathu linatumiza mabasi kudzatenga anthu ku Durban. Tikumva za Operation Dudula. Tikudziwa kuti amene mapepala ake sali bwino mtima umagunda akangoona galimoto ya polisi, ndiponso kuti kulowa mu Capricorn kapena Masiphumelele usiku ndi foni m'manja n'kudziputira. Sindikuuza aliyense kuti ayende yekha 10 koloko usiku. N'chifukwa chake ndikunena za zionetsero za masana. Nyumba zambiri za zisudzo kuno zimakhala ndi chionetsero cha Loweruka masana, ndipo umatuluka dzuwa likadalipo. Sitima ya ku Simon's Town imadutsa ku Muizenberg komweko. Tikakhala anayi, Uber imodzi tikugawana, aliyense akutsikira pakhomo pake. Koma tisalole mantha atilande zonse. Amene amatida akufuna zomwezo: kuti tizioneka pokhapokha tanyamula mopu, tikamaliza tizimiririke ngati nthunzi. Ukalowa muholo ya m'dera n'kukhala pakati pa anthu a m'deralo, ukuwauza popanda kutsegula pakamwa kuti nanenso ndimakhala kuno. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, amayi.

Tsopano inu ogonera kuntchito komweko, amene mukuti "madamu sangandilole". Ndi angati a ife amene tinasitapo diresi la madamu Loweruka madzulo kuti iwo apite ku Baxter kapena ku Artscape, ife n'kutsala ndi ana mpaka pakati pa usiku, m'mawa mwake n'kungomva kuti zikomo? Mvetserani zimene lamulo la dziko lino likunena, osati zanga. Malamulo a antchito a m'nyumba, amene amawatcha Sectoral Determination 7, amati maola a ntchito asapitirire 45 pa sabata. Opitirira pamenepo ndi ovataimu, muyenera kugwirizana kaye, ndipo amalipidwa kamodzi ndi theka. Sabata iliyonse muyenera kupuma maola 36 otsatizana, ndipo Lamulungu likhale momwemo pokhapokha mutagwirizana zina. Mukagwira Lamulungu lomwe si tsiku lanu la ntchito, malipiro ndi owirikiza kawiri. Pa chaka muli ndi masabata 3 a tchuthi cholipidwa. Kugona pakhomo pa abwana sikutanthauza kuti maola onse 24 ndi awo. Ndipo khoti la zantchito linagamula kale mu 2008 kuti ngakhale mlendo amene chilolezo chake chogwirira ntchito sichili bwino ndi wantchito ndithu pamaso pa lamulo, akhoza kukadandaula ku CCMA. Ndikudziwa kuti lamulo lili pa pepala, geti lili ndi loko, ndipo ntchito ndi yosowa. Sindikuti mukamenye tebulo. Ndikuti mukapite kwa madamu masabata awiri nthawi isanakwane, mwaulemu, n'kunena kuti Loweruka lakutilakuti kuyambira 12 koloko sindidzakhalapo, ndagula tikiti. Musapemphe ngati mukupempha mchere. Mukungowadziwitsa za nthawi imene ndi yanu kale. Mudzadabwa kuti ambiri amangoti chabwino, chifukwa chimene chinkawapatsa Loweruka lanu ndi chete wanu.

Ndifike pa chimene chandilembetsa zonsezi. Tadzifunsani, ife Amalawi a kuno timakumana liti tonse pamodzi? Pa maliro. Uthenga ukangozungulira kuti mayi wakutiwakuti wapezeka atagwa m'chipinda chake, BP, shuga, kaya chiyani, ndiye mumationa. Kope limatuluka, aliyense R100, R200, mpaka ndalama yonyamulira bokosi yakwana: Beitbridge, Nyamapanda, Tete, mpaka Mwanza. Pamenepo palibe m'bale amalemba pa gulu kuti mwawononga. Pamenepo madamu amapereka tchuthi mosavuta. Pamenepo timavala bwino, timaimba mokweza, mawu athu okoma aja amamveka. Ndi chinthu chabwino kuti timaperekezana, ndipo tisadzasiye. Koma mtembo suseka. Mayi uja timamuimbira atatseka maso, zaka 15 zonse anali pakati pathu osamutengerako ngakhale kamodzi kumalo koti akhale pansi, avule nsapato pansi pa mpando, aseke mpaka misozi. Timadziwa kusonkherana za imfa, za moyo zimatikanika bwanji?

Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna, amatero akuluakulu, ndipo ife nthanga tadya zokwanira. Tinabwera tikuti zaka ziwiri zokha, ndimange nyumba ndibwerere. Zaka ziwiri zinasanduka 7, zinasanduka 12. Ana amene tinawasiya akuyamwa pano akulemba mayeso a Fomu 4. Moyo umene tinkati tidzayamba tikadzabwerera kumudzi, ndi uno tikuuthawu. Palibe wina akutisungira ku Mangochi kapena ku Mzimba. Ngati sitiseka kuno, tidzafika kwathu ndi msana wopindika, mawondo otupa, tili ndi nyumba ya malata koma kuseka titaiwala.

Ndiye dongosolo ndi ili. Ife a mbali ya Capricorn, Retreat, Westlake ndi Masiphumelele tisankhe chionetsero chimodzi cha masana pa ndandanda imeneyi, kaya cha oimba kaya cha anthabwala, ambiri akasankha ndicho chomwecho. Amene akufuna andiuze pofika Lachitatu kuti tigule matikiti a mzere umodzi. Pa anthu asanu alionse tisonkhe kangachepe kogulira tikiti ya mnzathu amene ntchito inamuthera kapena wangofika kumene, asatsale chifukwa cha ndalama. Amene ali ndi mwana wamng'ono tipange kasinthasintha: uno ulendo wina atsale ndi ana, ulendo wamawa apite ndi iyeyo. Inu a ku Langa muli ndi Guga S'thebe pakhomo panu. Inu a ku Johannesburg muli ndi Market Theatre ku Newtown ndi Soweto Theatre ku Jabulani, imene inatsegulidwa mu 2012. Inu a ku UK ndi ku America amene mukusamalira nkhalamba usiku ndi usana, m'tauni mwanumo muli kaholo kotere, mumakadutsa pa basi tsiku lililonse. Tsikani tsiku lina mukawerenge chikalata chili pakhomopo.

Valani chitenje chanu chabwino chija mumasungira ukwati. Jambulitsani pakhomo la holo. Chithunzicho muike, ndipo musachichotse. Wina akalemba za feteleza, mumuyankhe mwaulemu kuti: achimwene, yanu ikubwera pa 30 monga mwa nthawi zonse, iyi ndi yanga.

Ndipo tikazolowera kulowa m'maholo amenewa, tidzafunse mtengo wobwereka siteji masana amodzi. Nkhani tili nazo zodzaza thumba: za pa Beitbridge, za madamu amene amalemba mzere pa botolo la mafuta ophikira, za galu amene amadya bwino kuposa womusambitsa, za achimwene a feteleza. Timazisewera kale m'takisi ndi pa mzere wa Mukuru, anthu n'kumagwa ndi phwete. Changotsala n'kuzikweza pa siteji, m'Chichewa, ife eni ake titadzaza mipando.

Lachitatu, amayi. Ndikudikira mayina.